Kalisto ndi Mndandanda wa Omasuka

Anthu a pa Nsanje sanaiwalebe zimene Kalisto Alufandika anachita pa ukwati wa mwana wa a Geresomo, ngakhale mwini wake amadandaula kuti nkhaniyi imanenepa chaka ndi chaka. Anamupatsa ntchito yaing'ono, yolandira anthu pakhomo la tchalitchi n'kuwaonetsa pokhala. Anthu anakhala monga timakhalira ife, uyu apa, uyo apo, pakati n'kusiya kampata kongokwana chipewa. Nthawi yoti mkwatibwi alowe itakwana, kunja kunali kutatsala anthu makumi atatu, m'kati mipata ili mbwee koma yonse ing'onoing'ono. Kalisto zinamuwawa mumtima. Anayambira kutsogolo kusendeza anthu mmodzimmodzi kuti athithikane, mipata yonse ikasonkhane kumapeto, ndipo akunja aja analowadi onse. Chimene sanaone n'chakuti pa benchi yachitatu anasendeza mai Clotilda mpaka ntchafu yawo inagundana ndi ya mkamwini wawo, munthu amene kwa zaka khumi ndi ziwiri ankawapatukira panjira n'kulowa m'minga. Mayiwo anadzifunditsa nsalu kumutu Misa yonse. Mkamwini anayang'ana kudenga mpaka khosi linauma. Kalisto anakapepesa ndi nkhuku ziwiri, ina kwa apongozi, ina kwa mkamwini.

Titamufunsa ngati waphunzirapo kanthu, anati eya: ndiye kuti m'makina namonso muli zinthu zina zosayenera kusunthidwa, ndipo akazilemba. Tinadziwa pomwepo kuti munthuyu sadzachira.

Makina amene ankanenawo anali kompyuta ya ku ofesi kwake. Kalisto anali mwana wa telala wina amene anawoloka Shire kuchokera kutsidya kalekale. Ku sekondale ankaopedwa pa masamu, koma dzina lake silinatuluke pa opita ku koleji, ndiye anaphunzira kutayipa. Nkhondo itakula ku Mozambique, anthu n'kuyamba kukhuthukira kuno ndi mitolo pamutu, bungwe lina la azungu linatsegula ofesi pa boma kuti lizilemba maina a othawa nkhondo ndi kuwapatsa makadi olandirira ufa ndi nyemba. Linamulemba Kalisto ngati kalaliki. Mu ofesimo munali mzungu wina wamng'ono, wofiira ngati nyama ya pamoto, amene tinkamutcha Thukuta pa zifukwa zosasowa kufotokoza. Iyeyu ndiye anabwera ndi kompyutayo, ndipo chimene ankanyadira n'chakuti mtima wa makinawo anaulemba yekha ali ku sukulu kwawo.

Mtima umenewu eni ake amati kenelo. Monga Kalisto anandifotokozera, kosachepera kasanu, ndi malangizo amene amakhala pansi pa malangizo ena onse. Suoneka pagalasi, sulemba dzina la munthu aliyense. Ntchito yake n'kugawira ntchito zina nthawi ndi malo. Malowo ndiye memori, kabwalo kochepa kamene makina amayalapo zimene akugwira nthawi imeneyo. Ntchito ikayamba imapempha malo, ikatha imayenera kubweza kuti inzake igwiritse. Akatekisiti athu, a Elisha, atamva zimenezi anati memori pa Chichewa ndiye chikumbumtima. Kalisto anakana, nati makina alibe chikumbumtima. A Elisha anati ndiye kuti awaika pamalo poyenera, chifukwa mu ofesi zambiri chimasowanso.

Thukuta anaona kuti kalalikiyu amafunsa mafunso oposa malipiro ake, nayamba kumuphunzitsa chinenero cha makina pa nthawi ya nkhomaliro. Anaphunzitsana chaka ndi theka. Kenaka malungo a kuno anamugwira mzunguyo kachitatu, ndipo anamunyamula chogona kupita naye ku Blantyre, osabwereranso. Anasiya buku limodzi lopanda chikuto, mulu wa mapepala olumikizana a mabowo m'mbali, momwe munali mtima wonse uja, ndi makina odwala.

Matenda ake anali awa. M'mawa jenereta ikalira, makina ankayenda ngati mnyamata. Ikamati leveni koloko ankayamba kukoka mwendo. Dzuwa lisanafike paliwombo ankangouma gwa, osamva batani lililonse. Mankhwala anali kuwazimitsa n'kuyatsanso, ndipo maina ambiri olembedwa m'mawawo ankapita nawo. Kunja mzere wa anthu unkakhala utafika pa mtengo wa bwemba, ana kumbuyo, dzuwa la pa Nsanje likuwotcha ngati lili ndi mangawa. Kalisto ankatuluka kukawauza m'Chisena kuti ayambirenso. Ena ankaseka, ena masana ankabwera ndi dzina losiyana ndi lam'mawa poyesa mwayi. Koma amene dzina lake latayika osadziwika ankadikira mwezi wathunthu wopanda khadi, ndipo zoterozo Kalisto ankapita nazo kunyumba.

Anawerenga mapepala a Thukuta miyezi inayi, napeza gwero. Mzunguyo, pokhala munthu wa changu, sanalembe wogawa malo mmodzi. Analemba anayi, pa nthawi zosiyana, aliyense ndi kaundula wakewake, osadziwana, ngati dimba limodzi logawidwa ndi amalume anayi osayankhulana. Ntchito ina inkatenga malo kwa woyamba n'kukabweza kwa wachitatu. Ina inkatenga osabweza n'komwe. Malo obwezedwa ankatsala tizidutswa tating'onoting'ono, ndipo pofika masana malo ankakhalapo ndithu mukawaphatikiza, koma panalibe ndi pamodzi pomwe pokwana ntchito yathunthu. Pamwamba pa zonsezi Thukuta anali ataikapo zigamba, chigamba pa chigamba, mwana wa telala n'kumachita manyazi powerenga.

Kalisto anatsimikiza zosaikapo chigamba china. Anafuna kuphwasula onse anayi n'kulemba mmodzi: wogawa mmodzi, kaundula mmodzi, ndipo tizidutswa toyandikana tizilumikizidwa tikangobwezedwa. Mkazi wake Jesinta anamufunsa kuti akamaliza makinawo azidzachita chiyani chatsopano. Anayankha kuti poyamba palibe. Azidzachita zomwezo, koma mwadongosolo, ndipo pakakhala posesa njoka idzaoneka yokha. Jesinta anakafotokozera amayi anzake kuchitsime kuti amuna ake, bambo a Priska, akusintha nsichi za nyumba anthu ali m'kati, kuti nyumbayo ioneke monga ikuonekera.

Vuto linali lakuti makinawo sankaloledwa kuwatsegula mtima. Mkulu wa ofesi, a Maclean, munthu wa tayi ngakhale mu Okutobala, ankati chotsimphina chikuyendabe, ndipo dizilo wa jenereta ndi wa ntchito, si wa masewera. Ndiye Kalisto analemba zonse pamanja, m'makope a ana a sukulu. Anakwana asanu ndi awiri. Poyesa ngati zikuyenda, ankajambula timabokosi pansi kuseri kwa nyumba, n'kumaikamo masau ndi kuchotsa, iye yekha kukhala makina. Tsiku lina mbuzi ya mai Esinala, oyandikana nawo nyumba, inadya ntchito zitatu iye atapita kukamwa madzi, ndipo anataya sabata akufufuza cholakwika.

Tsopano apa ndi pamene pali nkhani. Kalisto anavutika kwambiri ndi zolemba za Thukuta, chifukwa mzunguyo sankafotokoza kanthu. Analumbira kuti wobwera pambuyo pake asadzavutike chotero. Choncho tsamba lamanzere ankalemba chinenero cha makina, lamanja n'kufotokoza m'Chichewa chomveka, ndipo mawu amene kunalibe ankawapeka yekha, monyadira. Ntchito imene yayambitsa zinzake anaitcha wamkulu, zoyambitsidwazo ana ake. Malo amene ali m'manja mwa ntchito anawatcha ogwidwa. Obwezedwa anawatcha omasuka, ndipo kaundula mmodzi uja, mwana wake wapamtima, anamulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti Mndandanda wa Omasuka. Akanazisiya m'Chingerezi, pa Nsanje ponse palibe akanataya nazo nthawi.

Zaka ziwiri zinatha chotero. Ndiye inafika Lenti ya 1992, kalata ya maepiskopi ija n'kuwerengedwa m'matchalitchi, ndipo mphepo inasintha. Makina alionse otulutsa mapepala anayamba kuyang'anidwa ngati galu wachiwewe. Anthu ankatsitsa mawu ngakhale pofunsa mtengo wa mlamba. Kalisto yekha ndiye sanamve kusinthako, chifukwa mwezi womwewo anapata chimene ankalira. Makina anauma katatu tsiku limodzi pamaso pa alendo ochokera ku likulu la bungwe, a Maclean n'kutuluka thukuta mpaka tayi kuda. Alendo atapita anamuitana Kalisto n'kumuuza kuti amupatsa Loweruka limodzi, lomaliza la Meyi, ndi dizilo wokwana tsikulo. Zikakanika abwezeretse zakale ndipo asadzatchulenso. Loweruka limenelo Kalisto analiyembekezera kuposa mmene anayembekezera ukwati wake, ndipo amene ananena zimenezi ndi Jesinta, si ine.

Lachiwiri la sabata ya Loweruka limenelo, chakumadzulo dzuwa likadalipo, kunabwera a Paison. Awa anali tcheyamani wa nthambi ya Chipani m'dera lathu, amene ankakhala pachipata cha msika kuona makadi a Chipani. Anaphunzira limodzi ndi Kalisto ku pulayimale n'kulekera Sitandade 6, ndipo Chichewa ankawerenga bwino, motsata ndi chala. Anakhala pakhonde, anafunsa za ana, anadandaula za chilala, kenaka anati amva kuti shamwali wawo amalemba mabuku, angawafotokozereko?

Muyenera kumvetsa. Kwa zaka ziwiri palibe munthu ndi mmodzi yemwe anamupemphapo Kalisto kuti afotokoze. Ife tinkathawa. Akatulutsa kope, wina ankakumbukira kuti mbuzi sanamange, wina kuti ali ndi maliro ku Bangula. Lero munthu wabwera yekha, wakhala pansi, wafunsa. Kalisto anathamangira m'nyumba n'kutuluka ndi makope onse asanu ndi awiri. Jesinta anatsokomola. Anagwetsa mbale. Anamuitana kuti adzaone chinthu kuseri, iye nati chidikire. Anayesa kumuchenjeza m'Chisena, kuiwala kuti a Paison Chisena anayamwira.

A Paison anatsegula kope lachinayi, chala n'kuyamba kuyenda pa tsamba lamanja. Mai Esinala, amene nthawi imeneyo anapezeka kuti akusesa mbali ya mpanda imene anali atasesa kale, ndiwo anatisungira mawu ake.

"Apa mwalemba kuti wamkulu akafa, ana ake onse achotsedwe, malo awo apite kwa omasuka. Wamkulu ameneyu ndani, shamwali?"

"Ndi amene anayamba. Ena onse anachokera kwa iye."

"Ndiye amafa?"

"Amafa ndithu. Akakanirira timachita kumupha, apo ayi ena onse amasowa popumira."

A Paison anatembenuza tsamba. Pamenepo panali lamulo limene Kalisto ankalikonda koposa, lokhudza ntchito zija zotenga malo osabweza, ndipo analitsekera mizere iwiri kunsi: Aliyense wogwira malo adzabweze. Palibe wamuyaya.

M'dziko muno masiku amenewo mawu akuti wamuyaya anali ndi eni ake awiri okha, wina kumwamba, wina pansi pano, ndipo woopsa kumulakwira msanga anali wapansiyu. A Paison anafunsa ngati angabwereke makopewo kuti akawerenge modekha. Kalisto anawapatsa onse, anawakulungira m'pepala kuti asade, nawapempha kuti abweze pofika Lachisanu chifukwa Loweruka ali nawo ntchito yaikulu. A Paison anafunsa kuti Loweruka lomweli? Iye anati lomweli, zonse zakonzeka, dizilo yemwe alipo.

Za a Paison anthu amanena zosiyana. Ena amati anabwera atatumidwa. Ena amati anabwera mwa chidwi chabe, koma atawerenga anaona kuti wina akadzazipeza n'kumveka kuti tcheyamani anaziona osanena, wopita ndi iwo. Akazi awo anauza mnzawo wina, amene anauza mlamu wanga, kuti Lachitatu lonse bambowo sanadye, anangokhala ndi makopewo pamiyendo. Ine sindiweruza. Ndimangodziwa kuti Lachinayi m'mawa, mzere utayamba kale pa bwemba paja, panafika galimoto ya anthu osavala yunifolomu. Anatenga Kalisto, anatenganso kompyuta. Makinawo anawakhazika pampando wakutsogolo, atawayalira bulangeti. Kalisto anakwera kumbuyo.

Za kumene anapita sakonda kukamba, koma zina zinatuluka pang'onopang'ono. Ankafuna kuti atchule maina a anthu amene ali pa Mndandanda wa Omasuka. Iye anawauza zoona, kuti pamndandandapo palibe maina, pali maadiresi okha, chifukwa m'chinenero cha makina nambala yosonyeza pamene malo ayambira imatchedwa adiresi. Akuti ofunsawo anayang'anizana mokondwa. Anamuuza kuti atchule maadiresiwo, ndipo atamuthandiza kukumbukira mwa njira zawo, anayamba kutchula manambala, iwo n'kumalemba mosamala masamba atatu. Anawapempha kangapo kuti angoyatsa makinawo awaonetse, nkhani ithe. Anamuyankha kuti si opusa.

Anabwerera mu Januwale, patatha miyezi isanu ndi iwiri ndi masiku, wopanda mlandu, wopanda pepala, wopanda mano awiri akutsogolo, khutu lamanzere litagontha. Tinapita kukamuona titakonzeka kumutonthoza. Chinthu choyamba chimene anafunsa, asanamalize n'komwe kumwa madzi, chinali chakuti makina anabwera? Sanabwere. Makope? Nkhabe, nawonso sanabwere. Anati palibe kanthu, makopewo ali m'mutu, ankawalakatula tsiku ndi tsiku kuyambira loyamba mpaka lachisanu ndi chiwiri kuti asapenge. Jesinta anatiyang'ana ngati akufunsa ngati njirayo inathandiza.

Ku ofesi a Maclean anamulandira ataimirira, chitseko chili chotsegula kuti onse aone kuti sakunong'onezana. Anati malo ake analowapo wina, ndipo ngakhale pakanakhala malo, amvetse mmene zinthu zilili. Pa tebulo panali kompyuta ina yatsopano, yogula, imene mtima wake unabwera wotsekedwa ku fakitale, woti sungauwerenge kapena kuusintha. Ntchito ya Kalisto inali yosokera thupi limodzi lokha, makina a Thukuta aja, ndipo kwina kulikonse sikanakwana. Komanso kutsidya anali atasainirana mtendere, anthu atayamba kumanga mitolo, ndipo zinkamveka kuti ofesiyo siikhalitsa.

Munthu wina akanalekera pomwepo. Kalisto anagula makope ena asanu ndi awiri n'kulembanso zonse kuchokera m'mutu. Ndinawaona. Masamba amanzere anali odzaza ndi timalemba take tabwino tija. Amanja onse anali oyera.

Kenaka anayamba maulendo. Mwezi uliwonse Jesinta akagulitsa nsomba zouma, iye ankakwera sitima kupita ku Blantyre, kubwerera pakhomo lomwe anamutsekera lija, limene anthu ena ankalilambalala, kukapempha makina. Sankapempha kuti amupatse. Ankangopempha tsiku limodzi ndi soketi ya magetsi, ngakhale pamaso pawo. Ulendo woyamba anamuuza kuti wosunga makiyi wapita kumaliro. Wachiwiri anamuuza kuti iye anamasulidwa, inde, koma mlandu wa makinawo sunathe. Wachitatu anamufunsa ngati wawasowa, chifukwa chipinda chake chikadalipo. Jesinta analira, anaitana ankhoswe, ankhoswe anabwera n'kukhala maola awiri akumva za tizidutswa toyandikana, nachoka osaweruza.

Ulendo wachinayi sanafike n'komwe pakhomo paja. Pa siteshoni ya Limbe anakumana ndi Lorenso, mwana wa kwathu konkuno amene ankayendetsa galimoto za boma ndipo ankalowa m'malo oterowo. Lorenso anamuuza kuti asavutike. Makinawo anawaona ndi maso ake. Galasi lija linasweka kalekale posamutsa katundu. Zam'kati anazipatsa munthu wina wokonza mawailesi kuti aone ngati muli chotumizira mauthenga kunja, ndipo munthuyo anazula zimene zinamukomera. Bokosi lokhalo ndilo lilipo, mlonda wa pageti amakhalira. Kalisto anafunsa ngati kambale kosungira zinthu kanatsalamo. Lorenso anati m'bokosimo mlonda amasungamo chikho ndi sopo.

Anabwera ndi sitima ya tsiku lotsatira. Tinamupeza pakhonde, ine ndi a Elisha, mai Esinala ali cha pampanda ndi lichero. Sankaoneka wosweka mtima monga tinkaopera, ndipo zimenezo ndizo zinatiopsa. Anatifotokozera za Lorenso mwachidule, ngati nkhani ya munthu wina. Kenaka anatsitsa mawu, maso akuwala, nati pali chinthu china. Sitima itaima nthawi yaitali pa Makhanga, iye akuwerenga kope lachisanu, anapeza cholakwika. Pamalo pena polumikiza tizidutswa anawerengera mopitirira ndi imodzi. Loweruka lija akanayatsa, makina akanauma pasanathe mphindi khumi, a Maclean akuonerera. Wakonza tsopano, anatero. Tsopano zonse zili bwino, akukhulupirira kuti zili bwino, kungoti munthu sungadziwe usanayese. Anatifunsa ngati tikudziwa aliyense amene angakhale ndi adiresi ya Thukuta, mwina kwawoko anasunga makina ena ofanana nawo.

A Elisha anayang'ana pansi. Mai Esinala anaika lichero pansi.

"Bambo a Priska, makina anafa, othawa nkhondo akupita kwawo, mzungu wanuyo anakuiwalani kalekale. Chimene chatsala chosazimitsa pano ndinu nokha."